Mkamwini wanga ndi Mdatchi: nsima amangoilawa, alendo akuti ayambe aimba foni

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Dedza:

"Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Netherlands. Chaka chino abwera kudzakhala ku Lilongwe komwe mwamunayo akugwira ntchito ya zaulimi, ndipo kutha kwa mwezi amabwera kudzationa kumudzi. Munthuyo ndi wofatsa, mwana wanga sadandaula naye. Koma pali zondizunguza mutu. Ndikaphika nsima masana amangotema pang'ono n'kunena kuti wakhuta, kenako ndimamuona akutafuna buledi. Tsiku lina ananena pamaso panga kuti thelere salikonda. Akatha kudya amanyamula mbale kulowa nazo kukhitchini kwanga. Mlongo wanga, malume ake a mtsikanayu, atawayendera osanena, mkamwiniyu anawafunsa kuti bwanji sanayambe aimba foni. Kodi kumeneku ndi kudzikuza kapena ndi chikhalidwe cha kwawo? Nditani kuti ndisayambane ndi mwana wanga?"

Yankho:

Mayi, mtima ukhale pansi. Pa zinthu zinayi zomwe mwatchulazi palibe ngakhale chimodzi chomwe kwawo kwa mkamwini wanuyo amachiyesa mwano, ndipo chonyamula mbalecho amachita akuganiza kuti akukulemekezani. Sindikunena kuti mungomulekerera. Wakwatira kuno, akukhala kuno, ndipo ilipo miyambo yomwe ayenera kuigonjera. Koma ine amene ndakhalako pakati pa Adatchi, anthu a ku Netherlands, ndi kugwira nawo ntchito ndaona kuti zambiri zomwe timakwiya nazo, eni akewo sadziwa n'komwe kuti zachitika, chifukwa ife sitiwauza.

Ya nsima ya masanayi ndiyo yosavuta. Ku Netherlands chakudya chapamoto chimadyedwa kamodzi patsiku, madzulo, ndipo m'mabanja ambiri 6 koloko ikamakwana anthu amakhala ali kale patebulo. M'mawa ndi buledi, masana buledinso. Si umphawi ayi, dzikolo ndi limodzi mwa mayiko olemera ku Ulaya. Mupeza bwana wamkulu pa ofesi, nthawi ya nkhomaliro itakwana, akutulutsa m'chikwama kabokosi ka pulasitiki. M'menemo muli masilayisi anayi a buledi wabulauni opaka majarini, pakati pake tchizi chosenda mopyapyala moti mutachikweza m'mwamba mutha kuona kuwala kukudutsa. Amatsitsira ndi kapu ya mkaka wozizira, kapena karnemelk, mkaka wowawasa wapafupi ndi chambiko. Theka la ola likatha wabwerera pa desiki. Ena amapaka chiponde, chomwe Adatchi amachikonda kwabasi. Ena amawaza pa buledipo timibulu ta chokoleti totchedwa hagelslag, ndipo ochita zimenezi si ana okha, ngakhale abambo a imvi zawo mbuu.

Ndiye taganizani mimba yokula choncho ikukumana ndi mitanda itatu ya nsima dzuwa lili paliwombo. Akanena kuti wakhuta sakunama. Nsima imamulemera msanga, ndipo njala ikamubwerera chakumadzulo amathamangira chomwe thupi lake linazolowera. Amalawi opita kumeneko nawonso zimawagwera mbali inayo: masiku oyamba amadya bulediyo mwaulemu n'kumadikirira kuti chakudya chenicheni chibwera, mpaka kuona eni nyumba akupukuta tebulo.

Madzulo Mdatchi amadya ndithu, ndipo mbale yake yachikale imakhala ya zinthu zitatu: mbatatesi zowiritsa, nthuli ya nyama ndi masamba. Nthawi yozizira amakonda stamppot, mbatatesi zokanya pamodzi ndi masamba kapena karoti ndi anyezi, ngati momwe ife timachitira futali, pamwamba n'kuikapo soseji yowamba ndi msuzi pang'ono. Inu a ku Dedza mbatatesi simuchita kuzifuna kutali. Komabe sindingakulangizeni kuti muziphika miphika iwiri chifukwa cha iye. Nsima ya masana muziphika monga mwa masiku onse, iye atemeko momwe angathere, ndipo mphamvu zanu muziike pa chakudya chamadzulo. Mudzaona kuti pamenepo dzanja lake limabwerera m'mbale kawiri katatu.

Pali chinanso chomwe mwina chimamuchititsa mantha akaona mbale yodzaza. Kwawo mwana amakula akuuzidwa kuti chomwe waika m'mbale mwake achimalize. Kusiya chakudya ndi kuwononga, ndiponso ndi kunyoza wophika. N'chifukwa chake amadzigawira pang'ono. Kwathu kuno mlendo timamupatsa mitanda yoposa mimba yake mwadala, ndipo akasiyako palibe mlandu, ana adya, wina udzakhala mkute wa mawa. Iye zimenezi sakuzidziwa. Akavundukula mbale n'kupeza mitanda inayi amaona ngati mwamupatsa ntchito yoti amalize yonse. Mwana wanu angomuuza kuti kusiya n'kololedwa, mudzaona akudya momasuka.

Kusamala chakudya kumeneku kuli ndi mizu yake. Mipingo ya chiphunzitso cha John Calvin, yomwe inali ndi mphamvu kwambiri m'dzikolo, inkaphunzitsa kudziletsa ndi kudana ndi zodzionetsera. Ndiye kunabweranso njala. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, mbali yaikulu ya dzikolo ili m'manja mwa asilikali a Germany, chakudya chinasiya kufika m'mizinda ya kumadzulo monga Amsterdam, Rotterdam ndi Den Haag. Anthu anafika podya mizu ya maluwa a tulip, ndipo pafupifupi 20,000 anamwalira. Agogo a mkamwini wanuyo ndi a m'badwo umene unaona zimenezo kapena kuleredwa ndi amene anaziona. M'makhitchini ena kumeneko mupezamo kachipangizo ka chigwiriro chachitali kongokokotera zotsalira m'botolo kuti pasatayike kanthu. Ifenso njala tinaiona, ya 1949 ija akuluakulu amaikambabe, koma ife tinatolapo phunziro lakuti mlendo asachoke pakhomo osadya. Iwo anatolapo lakuti chakudya chiziphikidwa moyeza.

Apa ndiye pagona nkhani ya malume. Mayi wa Chidatchi akamaphika amawerenga mitu: anthu anayi, nthuli zinayi, mbatatesi zokwanira anayiwo basi. Mphika wa nsima umavomera kuwonjezera ufa ndi madzi mlendo akatulukira, koma nthuli zinayi sizisanduka zisanu. Choncho munthu wofika mwadzidzidzi nthawi ya chakudya amawasowetsa pogwira, ndipo si zachilendo kumeneko kumva mwini nyumba akuuza mlendo mwaulemu ndithu kuti "tatsala pang'ono kudya", kutanthauza kuti nthawi yotsanzika yakwana. Kuonjezera apo moyo wawo wonse umayendera kabuku ka masiku. Kucheza ndi mnzake, kukaona mayi ake omubereka, kumwa khofi ndi woyandikana naye nyumba, zonse amayamba apangana tsiku ndi ola, nthawi zina kukadali masabata awiri kapena atatu. Kwa iwo kufika osanena ndi kumulanda munthu nthawi yake. Ndiye pofunsa kuti bwanji sanaimbe foni, iye m'mutu mwake linali funso wamba, mwinanso kudandaula kuti akanadziwa akanakonzekera bwino.

Koma pamenepa ine ndili kumbali yanu, ndipo mkamwiniyo ndiye ayenera kusintha. Kwawo malume ndi wachibale wapatali ndithu, woonana naye pa ukwati ndi pa maliro. Sakudziwa kuti kwa Achewa malume ndi mwini mbumba, kuti ndi amene amaimira mkazi wakeyo pa unkhoswe, kuti banja likagwedezeka nkhani imakathera kwa iwowo. Munthu wotero safunsidwa chomwe wadzera asanapatsidwe mpando ndi madzi. Zimenezi wina amukhazike pansi amufotokozere momveka, ndipo woyenera ndi nkhoswe kapena mwana wanu, osati inuyo. Ndikukhulupirira kuti akamva udindo wa malume adzachita manyazi ndipo adzafuna kupepesa. Muloleni apepese, nkhani ithere pomwepo. Mbali inayo, poti masiku ano foni ili m'thumba la aliyense, achibale atamatumizako uthenga wakuti "tanyamuka, tifika masana" sikungakhale kuchepetsa ulemu wawo. Ngakhale ana athu omwe a m'tauni amayamikira zimenezo, kungoti sanena.

Tibwere ku thelere. Adatchi amadziwika ku Ulaya konse ndi kulankhula mosapsatira, moti ngakhale Angerezi ndi anansi awo a ku Belgium amadabwa nawo. Kwa iwo kunena kuti chakudya n'chokoma pomwe sunachikonde ndi bodza, ndipo kunamiza apongozi ndiko kupanda ulemu. Anaganiza kuti akakuuzani zoona simudzavutikanso kumuphikira chinthu chomwe sadya. Ambiri amati khalidweli linachokera ku moyo wolimbana ndi madzi. Dzikolo ndi laling'ono, Malawi ndi wamkulu pafupifupi katatu, koma muli anthu okwana 18 miliyoni, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthaka yake lili m'munsi kuposa nyanja yamchere. Kuyambira zaka za m'ma 1200 alimi ankakhala m'mabungwe osamalira zipupa zotchinga madzi, ndipo pamenepo wolemera ndi wosauka ankayenera kuuzana zoona, chifukwa chipupa chikagumuka madzi sasankha munda. Mu 1953 zipupa zinagumukadi ndipo anthu 1,836 anafa. Kaya chifukwa chake n'chimenechi chokha kaya pali zina, chomwe inu mungagwiritse ntchito n'chakuti munthu wolankhula mosabisa amayembekezeranso kuuzidwa mosabisa.

Apa ndi pomwe ife timalakwitsa kwambiri. Ife tikakhumudwa timakhala chete, kapena timayankha kuti "zikomo, palibe kanthu", ndipo Mmalawi mnzathu amamva kuti kanthu kalipo. Mkamwini wanuyo akamva "palibe kanthu" amapita kukagona mtima uli mbee. Mukati "tiona" iye amalemba m'kabuku kuti mwavomera kuganizira, pomwe inu mwakana. Akakupatsani tiyi inu n'kukana koyamba mwaulemu kudikira kuti akukakamizeni, sadzakufunsaninso, kapu ibwerera m'kabati. Nkhope yanu yakugwa sadzaiwerenga, mikuluwiko sadzaimva. Ngati pali chomwe chakuwawani, chifike kwa iye m'mawu olunjika kudzera mwa mwana wanu: kuno chakudya sitichinena pamaso pa wophika, ukapanda kuchikonda umangotapa pang'ono n'kuthokoza. Sadzakwiya. Chomwe chingamupweteke ndi kudzamva patapita chaka kuti anthu akhala akumunena kumbali.

Za mbale zija. Kwawo mwamuna amaphika, amatsuka, amasintha mwana thewera, ndipo abambo ena amakhala ndi tsiku limodzi pa sabata losapita ku ntchito kuti alere ana. Mlendo amene wadya n'kungokhala manja lende mayi wachikulire akutola mbale amaonedwa ngati waulesi wosaleredwa bwino. Ndiye akamalowa kukhitchini kwanu akuonetsa kuti makolo ake anamulera. N'chimodzimodzi mukaona akuchita manyazi mtsikana akagwada pomusambitsa m'manja, kapena akukana mpando poti inu mwakhala pamphasa. Kwawo kusiyana kwa wamkulu ndi wamng'ono sakuonetsera. Mark Rutte, amene anali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 2010 mpaka 2024, ankapita ku ofesi pa njinga yakapalasa, ndipo njinga m'dzikomo n'zochuluka kuposa anthu. Wantchito amaitana bwana wake ndi dzina loyamba, ndipo akamwini ambiri amaitananso apongozi awo ndi dzina. Ngati sanayambe wakutchulani dzina kapena kukupsompsonani m'masaya katatu monga amalonjerana achibale kwawo, dziwani kuti mwana wanu anagwira kale ntchito yaikulu.

Musamuletse kuthandiza, mungomusinthira pothandizira. Mkamwini wa Chichewa ntchito yake imadziwika: kumunda, kukonza nkhokwe, kufolera denga, kuwaza nkhuni. Poti uyu ndi wa zaulimi, apongozi ake aamuna kapena alamu ake amutengere kudimba, akaone mbewu, akakambe za manyowa ndi mbozi. Kumeneko adzamva kuti ndi wofunika pakhomo, ndipo kukhitchini adzakusiyirani.

Pali ziwiri zomwe simunafunse koma zikubwera, ndipo n'zolemera kuposa thelere. Choyamba ndi ndalama. Adatchi akadyera limodzi kumalo odyera aliyense amalipira zake, ndipo kuyambira 2016 ali ndi pulogalamu ya pa foni yotchedwa Tikkie yomwe munthu amatumizira mnzake uthenga womukumbutsa kubweza ngakhale ndalama ya khofi. Kwawo okalamba amalandira penshoni ya boma, yomwe inayamba mu 1957 ndipo pano munthu amayamba kulandira akafika zaka 67, choncho mwana sakula ndi maganizo akuti malipiro ake ndi a mbumba yonse. Si kuti ndi oumira, ambiri amapereka ndithu ku mabungwe othandiza anthu. Koma amafuna kudziwa kuti ndalamayo ndi zingati, ndi ya chiyani, ndipo ndi mphatso kapena ngongole. Mukati "tibwerekeni" pomwe mumtima mukutanthauza "tithandizeni", iye adzadikira tsiku lobweza, ndipo likadutsa chikhulupiriro chimatha. Zopempha zonse zizidzera kwa mwana wanu, ndipo achibale asamamuimbire mwamunayo aliyense payekha. Mabanja ambiri otere amasokonekera pamenepa, ndipo amene amapsa pakati ndi mkaziyo.

Chachiwiri ndi maliro. Kwawo maliro amachitika patapita masiku angapo, kawirikawiri amapitako ndi omwe alandira khadi, mwambo umatenga ola limodzi kapena awiri, anthu amamwa khofi ndi keke n'kubalalika, ndipo mitembo yambiri amaiwotcha. Ndiye maliro akagwa m'mudzi mwanu iye ali pomwepo, akhoza kukhala m'nyumba akuwerenga buku poganiza kuti kupita osaitanidwa ndi kulowerera za eni. Mudzi ungamukhululukire zambiri koma izi ayi. Auzidwiretu kuti kuno ku maliro sayitana, kuti amuna amakhala mbali yawo, kuti chipepeso chimaperekedwa kwa ndani, kuti popita kumanda savala kabudula. Mlamu wake mmodzi amugwire dzanja ulendo woyamba.

Mwina poti ndinu a ku Dedza mwamva dzina lakuti Dachi n'kuganiza za mpingo wa ku Nkhoma. Amishoni aja, Andrew C. Murray ndi T.C.B. Vlok amene anayamba ntchito pa Mvera mu 1889, anachokera ku South Africa, ku mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, osati ku Netherlands kwenikweniko. Ku Netherlands lero anthu oposa theka amati alibe chipembedzo, ndipo matchalitchi ena anasanduka masitolo a mabuku ndi nyumba zogona. Ngati mkamwini wanu sapemphera, pa pemphero la chakudya adzakhala chete mwaulemu, ndipo ku tchalitchi mukamuitana adzabwera, koma mukamufunsa ngati amakhulupirira konzekerani yankho losakuluwika.

Musaiwalenso kuti nayenso akuvutika, kungoti zake sizioneka. Kwawo m'chilimwe dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, kuno 6 koloko kwada. Kwawo amamwa madzi a pa mpopi osaganiza kawiri, kuno mimba yake imafuna owiritsa, ndipo akapempha otero si kuti akunyansidwa ndi mtsuko wanu. Kulikonse komwe wapita ana amamukuwiza kuti mzungu, iye wochokera kudziko komwe munthu amayesetsa kusaoneka wosiyana ndi anzake. Akadzipatula kanthawi kukakhala yekha pansi pa mtengo, musatume mwana kukafunsa chomwe chalakwika. Anazolowera kukhala ndi ola lakelake, ndipo pakhomo pa anthu khumi ola limenelo silipezeka.

Pa ndiwo, muli ndi mwayi woposa momwe mukuganizira. Indonesia inali pansi pa ulamuliro wa Adatchi mpaka inalengeza ufulu wake mu 1945, Netherlands n'kudzavomereza mu 1949, ndipo zakudya za kumeneko zinalowerera m'makhitchini awo: mpunga wokazinga, nyama yowotcha pa timitengo yothira msuzi wa mtedza, ndi tsabola wosinja wotchedwa sambal. Choncho lilime lake nsinjiro limazidziwa kale. Nkhwani wotendera, chigwada chotendera, nyemba, mpunga wa Kilombero, kambuzi pambali, zimenezi ambiri a iwo amazikonda msanga. Chambo chowotcha sadzachikana, ngakhale mutu mwina adzausiyira ena, poti anazolowera nsomba yochotsa kale minga. Ngumbi ndi mbewa musayambire, adzazipempha yekha tsiku lomwe chidwi chamugwira. Ndipo akadzakupatsani maswiti akuda otchedwa drop ochokera kwawo, lawani kamodzi kokha kaye, ena mwa iwo ndi amchere, ndipo pamenepo mudzakhala ndi ufulu wonse womuuza pamaso kuti simunawakonde.

Funsani mwana wanu tsiku lobadwa la mwamuna wakeyo mulisunge. Kwa Adatchi tsikuli ndi lalikulu ngakhale kwa munthu wa zaka 50, moti m'nyumba zambiri amapachika kalendala ya masiku obadwa a achibale kuchimbudzi kuti asaiwale, ndipo patsikulo amafunira mafuno abwino osati mwini tsiku yekha komanso mkazi wake, makolo ake ndi apongozi omwe. Keke amagula ndi mwini wakeyo n'kugawira anzake ku ntchito, choncho inu simufunika kuwononga kalikonse. Mungomuimbira foni m'mawa wa tsikulo, kapena mwana wanu akupatsireni kuti mumulankhule mawu awiri.